Buku la Amalume Linapita ndi Utsi

Ndinanyamuka ku Cuamba m'mawa, pa chapa, minibasi yodzaza mpaka nkhuku zinali pamiyendo pathu. Wondituma anali msuweni wanga wa ku Cuba, yemwe sindinamuonepo. Bambo ake, amalume anga, anatengedwa ali mwana kukaphunzira kumeneko, nakhala mtolankhani, nalemba mabuku a nthano m'Chisipanishi. Atakalamba anabwerera ku Itepela, kumene anamwalira chaka chatha. Buku lawo lomaliza, lolemba pamanja, linatsala m'sutikesi, ndipo mwana wawo ankafuna kulisindikiza.

Kondakitala anandilipitsa mameticali mazana anayi, nkundikhazika pa thumba la usipa. Pofika ku Mandimba masana, amphaka onse a pamsika ankandidziwa. Ndinadya chinangwa chokazinga, kenaka ndinakwera njinga yamoto.

"Ku Itepela kwa yani, bambo?" anafunsa woyendetsa.

Nditatchula dzina la malemu amalume, anaseka. "Aja ankalankhula okha Chipwitikizi chopindika? Tinkati mutu unasokonekera."

Zinandipweteka. Munthu wowerengedwa kutsidya kwa nyanja, kwawo nkumatchedwa wamisala!

Dzuwa litapendeka ndinapeza amalume aang'ono, a Zakariya, akusankha fodya m'chigafa. Pogawa katundu wa malemu, sutikesi inagwera iwo.

"Amalume, mapepala aja alipo?"

"Aja osamveka aja? Tinapita nawo kwa aphunzitsi, nawonso anagwira mutu. Koma pepala lake labwino, mphwanga, lofewa, losakanda pakhosi."

Anatero akupichira chingambwe. Mayo ine! Pakati pa zala zawo ndinaona zilembo za malemu amalume, zopendekera kumanja.

Ndinafuna kukalipa, koma ndikalipire yani? Zaka zonse amalume ankalemba pakhonde lomwelo, palibe mmodzi wa ife, ngakhale ine wopita kusukulu, anawafunsapo kuti akulembanji.

M'sutikesi munatsala tsamba limodzi. Ndinalijambula pafoni nkulitumiza ku Cuba. Ndili pa chapa yobwerera, yankho la msuweni linafika m'Chipwitikizi chake chothyokathyoka. Linali tsamba loyamba, pomwe wolemba amatchula amene wamulembera buku. Ndinatsika pa Mandimba nkuimbira a Zakariya kuti ndiwawerengere: "Kwa mng'ono wanga Zakariya, amene anatsala kulima kuti ine ndipite."

Atamva, a Zakariya anafunsa kuti, "Ndiye mkatimo ankati chiyani za ine?"