Seva Itakana Kupereka Chithunzi

Nditayamba kuphunzitsa za netiweki pa kakoleji kena ku Namitete, m'kalasi mwanga munali bambo ena achikulire a ku Nsaru. Anali ndi shopu yotchajitsa mafoni, ndipo ankabwera pa njinga atavala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo.

Tsiku lina ndinkafotokoza za QUIC, njira yatsopano yomwe makompyuta amatumizirana zinthu pa intaneti. Ndinati njira yakale, TCP, imachedwa chifukwa makompyuta amayamba alonjerana kangapo asanakambe nkhani. Koma mu QUIC, ngati anakumanapo kale, moni ndi pempho zimapita pakamodzi. Ndinajambula mivi pabolodi mpaka choko kutha. Onse anangoti kukamwa yasa.

"Chabwino, tichite sewero," ndinatero.

Bambo aja ndinawakhazika pampando kuti akhale seva, kompyuta yosunga zinthu. Mtsikana wina wa ku Mpingu, wolongolola kwabasi, anakhala foni yofuna chithunzi.

TCP inayenda bwino mpaka kunyanya. Mtsikanayo anagwada.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya iwe? Nanga kunyumba? Fodya wamera ku nazale?"

Anacheza mpaka kufika pa nkhani ya maliro a ku Kabudula. Za chithunzi anaiwala.

"Basi, tsopano QUIC!" ndinawadula.

Mtsikana uja anatuluka, n'kulowanso chothamanga. "Monichithunzi!"

Bambo aja anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupinda manja.

"Perekanitu, bambo," ndinawanong'oneza.

"Sindipereka. Kodi mwana ameneyu ngwa kwa yani?"

"Mukudziwana kale. Ndi mmene imagwirira ntchito."

"Aphunzitsi, ngakhale mayi a kunyumba, amene ndakalamba nawo, amadikira ndiyankhe kaye moni asanandipemphe sopo. Ndiye kafoni eti?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Netiweki yagwa!" Ine thukuta kamukamu, poti ahedi anali ataima pawindo.

Nditawanyengerera bambo aja, anavomera, bola mtsikanayo apindeko bondo pang'ono pothamangapo. Anayesa, n'kupunthwa pa desiki. Chithunzi anamupatsa ndithu, koma ndi dzanja lamanzere, nkhope atalozetsa kukhoma.

Pamayeso, funso la QUIC palibe analiphonya. Bambo aja analemba yankho lolondola bwinobwino, ndipo pansi pake anawonjezera kuti: "Liwiro ili nalo, koma sinaleredwe."