Volontiya wa Bambo

Lero ndatsegula sutikesi yakale, ndipo fungo lake landisowetsa mtendere. Landibwezera ku Kitwe, nthawi ya nkhondo ya azungu, bambo ali kalaliki wa pamgodi wonyadira Chingelezi chawo.

Tsiku lina anatiimika ine ndi mng'ono wanga.

"Mmodzi apite ku Nyasalandi akasamale azakhali anu odwala. Ndikufuna volontiya. Mawuwa anachokera ku Chilatini, amatanthauza wochita chinthu mwa kufuna kwake. Sindikakamiza munthu."

Mng'ono wanga anandigwira chala. Amayi ankangopukuta mbale youma kale. Ine ndinakweza dzanja.

"Mwaona? Wasankha yekha!" anatero bambo, akutsegula sutikesi.

Madiresi anga onse awiri anali momwemo, atapindidwa kale bwinobwino.