Mabotolo a amayi ndi matumbo a mukoma Fanuel

Mwaswera bwanji nonse.

Tangotsika kombi kuchokera kuchipatala ku Harare ndi mukoma Fanuel. Zotsatira za kamera ija anawaunika nayo m'mimba zatuluka. Si poizoni, si mankhwala opopera fodya, komanso si matenda aja anthu akunong'onezana pakomboni poona kuwonda kwawo. Matumbo ndi otupa ndipo ali ndi zilonda, n'chifukwa chake akutsekula magazi.

Dokotala wati m'thupi muli timithenga totchedwa masaitokaini, timene timaitana asilikali a thupi mdani akalowa. Mwa mukoma timangoitanabe ngakhale mdani palibe, ndiye asilikaliwo akumenya matumbo a mwini wake.

Ndinatulutsa mabotolo aja amayi amagula ku Banket, okweza chitetezo cha m'thupi. Dokotala anawerenga, n'kuwakankhira kumapeto kwa tebulo. Akuti mukoma asiye kumwa za m'mabotolomo. Chitetezo cha mukoma chachita kunyanya, ndipo mankhwala amene awalembera ndi ochitsitsa dala. Matendawa akuti satheratu, koma amagona.

Potsika kombi, mukoma anangoti, "Mawu oti kutsitsa chitetezo asafike kwa amayi." Nonse mukudziwa kuti amayi anawamva komaliza mawu amenewa chaka chimene tinaika achemwali Rosi m'manda.

Amayi tawapeza ali pakhomo, botolo lina latsopano m'manja, supuni atathira kale. Mukoma anandiyang'ana, kenako anamwa.

Ndiye ndikufunsa, awauze ndani amayi? Ine, kapena tidikire sekuru Phiri, mkulu wa banja lathu, abwere kuchokera ku Tengwe? Supuni ina ndi mawa m'mawa.