Njinga Imene Inayezedwa pa Thupi Langa

Ndinakumana naye tsiku limene ndinapita kukakonzetsa magiya a njinga yanga. Shopu yake inali yopanikiza, njinga zili lende kudenga, fungo la girisi ponseponse. Anthu onse ankangomutchula kuti Sipanala.

Anzanga, ine ndimachita triathlon. Umasambira, ukatuluka m'madzi n'kukwera njinga, ukatsika njinga n'kuyamba kuthamanga. M'madzi ndi pothamanga ndinalibe vuto, koma panjinga anthu ankandipitirira ngati ndaima.

Atamaliza kukonza anandiuza kuti ndipalase pang'ono panja aone.

"Asisi, miyendo muli nayo," anatero akuseka, "koma mumakhala panjinga ngati mukukagula tomato. Chifuwa pamtunda, zigongono kunja. Mphepo ikukudyerani mphamvu zonse."

Ndinaseka. Ndiye kunali kugwa kwanga kumeneko.

Pakona ya shopu anali ndi chitsulo chomangirirapo njinga kuti uzipalasa uli malo amodzi, kutsogolo kwake fani yaikulu. Anatsitsa chiwongolero, anaikapo timikono tiwiri totsamirapo zigongono, chishalo anachisunthira kutsogolo. Anamata tiulusi pa juzi yanga kuti aziona mmene mphepo ikudutsira.

"Mapewa finyani. Mutu pansi, maso okha akwere."

Posakhalitsa "asisi" anasanduka "babe". Ndikamakachita training ankanditsatira pa njinga yamoto atanyamula madzi. Khosi likauma ankandisisita yekha. Liwiro linakwera zoona, ndipo ine ndinali in love mpaka mano onse panja!

Koma tinthu tina tinayamba kundisowetsa mtendere...

Sabata iliyonse ankasintha kenakake. Lero chiwongolero pansi kwambiri, mawa zigongono pafupi mpaka kupuma kuvuta. Msana unkawawa, manja ankachita dzanzi. Akandijambula video, ankaonetsetsa kuti ndavala chisoti ndi magalasi akuda, kenako n'kutumiza pompo.

"Ukutumizira ndani?"

"Mnzanga wina wodziwa za mphepo. Relax, babe."

Akulu anga, amene ndimakhala nawo, sanamukonde chiyambire.

"Iwe," anandifunsa tsiku lina akusita, "mwamuna wokuyeza ndi tepi kuposa kukugwira dzanja, ameneyo ndi chibwenzi kapena telala? Kunyumba kwake unafikako?"

Ndinali ndisanafikeko. Nthawi zonse ankati akukonza denga.

Tsiku lina masana atapita kukatenga katundu, ndinalowa m'kachipinda ka kuseri kufuna pampu. Ndinapeza njinga yofunditsidwa nsalu. Nditavundukula... mayo ine! Yakuda, yatsopano, tayala lakumbuyo lotsekeka ngati mbale. Nditakwerapo, zigongono zinagwera pamalo pake, chishalo ndendende ngati changa.

Mtima unati, surprise yanga iyi! Koma pansi pake panali nsapato zopalasira, zazing'ono zoti phazi langa silingalowe.

"Nsapato zili kuserizo n'za ndani?" ndinamufunsa atabwera.

"Za kasitomala."

"Nanga njingayo?"

"Umalowa bwanji m'zipinda za anthu? Sukundikhulupirira?"

Anzanga, ndinapepesa ndine.

Mpikisano utayandikira, anakweza chiwongolero changa n'kubwezera chishalo kumbuyo. Akuti msana upume. Zonse zimene ndinazivutikira miyezi yonseyo anazimasula ndi sipanala imodzi. Ndinakayika, komabe ndinangoti iye ndiye akudziwa.

M'mawa wa mpikisano ndikupachika njinga pamalo osinthira, pamene timazisiya tikamakasambira, ndinaona njinga yakuda ija ikubwera. Ankaikankha mayi wina wamtali ngati ine. Kumbuyo kwake Sipanala, atanyamula chikwama chake. Atandiona anawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato.

Mayi uja anandiyang'ana kuyambira kumapewa mpaka kumiyendo, kenako anamwetulira.

"Ndinu amene muli m'mavideo aja eti? Ndakuzindikirani msana! Zikomo kwambiri, asisi. Ine ndinali ndi khanda, sindikanatha kupindika panjinga nthawi yonseyo. Bambo a mwana anati apeza munthu wa msinkhu wanga woti aziyesererapo. Mwatithandiza kwabasi."



"Palibe kanthu," ndi zokhazo zimene zinatuluka pakamwa panga.

Ndinasambira ndikulira, mwayi m'madzi palibe amakuona. Ndinatuluka patsogolo pa mayi uja. Koma panjinga, pamsewu wowongoka mphepo ikuwomba kumaso, ndinamva tayala lija likulira kumbuyo. Anandipitirira atafinya mapewa, mutu pansi, mmene ine ndinkachitira pamaso pa fani ija msana ukuthyoka.

Anapambana. Ine ndinafika kumapeto kwenikweni.

Ndikumwa madzi, Sipanala anandizembera.

"Babe, ndilole ndifotokoze..."

"Musanditchule choncho, bambo a mwana. Ndingofunsa chimodzi. Chiwongolero changa munachikwezeranji?"

Anayang'ana pansi. Yankho ndinalimva pomwepo: ankaopa kuti ndingamupose mkazi wake.

Ndinkafuna kupita kwa mkazi wake ndikaulule zonse. Ndinanyamukadi. Koma ndisanatsegule pakamwa anandikumbatira, thukuta lake ndi langa, n'kutenga mwana kwa agogo a mwanayo amene ankaonerera.

"Tanyamulani kaye, aunt ake. Mendulo iyi ndi yanunso."

Ndinamunyamula. Kamwana kosalakwa, kakundigwira tsitsi, nkhope yonse ya bambo ake. Ndinamubweza, ndinakankha njinga yanga mpaka pamene akulu anga anaimika galimoto. Iwo sananene kuti ndinakuuza. Anangonditsegulira chitseko.

Mpaka lero mayi uja amanditumizira uthenga kuti tidzachitire limodzi training. Sindidziwa chomuyankha.

Anzanga, mtima ukayamba kukayika musamaukalipire. Wanga unandiuza kangapo konse, ine n'kumaupepesetsa kwa munthu wabodza.