Mtayo wa Mayi Heneghan

Mayi Attracta Heneghan ndi amene ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa m'tchalitchi chathu, kuyambira ine ndisanamere mano mpaka pamene miyendo inayamba kuwakana. Ansembe ankabwera n'kumapita, ena aukali, ena okonda botolo, koma nsalu zokha zinkakhala zoyera mbee. Sankalola munthu wina kuzigwira. Ine Dympna, amene ndimakhala kuseri kwa mpanda wawo, ndinayesapo tsiku lina kuwathandiza. Anandilanda nsimbi m'manja.

"Iwe, imeneyi si pilokesi ya kwanu. Apa pamagona Ambuye."

Ankaopa Mulungu mayi aja, osati mantha apakamwa ayi. Kuno kwathu m'dera la Mayo dzina la Yesu timalitchula ngakhale nkhosa ikangolumpha mpanda, koma iwo akamva zimenezo ankaweramitsa mutu n'kupepesa m'malo mwako, iwe uli pomwepo, manyazi n'kukugwira. Amuna awo, a Festy, anali mlimi wa nkhosa wosalankhulalankhula. Ukawapatsa moni ankangogwira chipewa. Analera ana asanu, onse n'kubalalikira ku Dublin, ku Leeds ndi ku Boston monga achitira ana athu onse.

Za mwana wawo woyamba ndinamva kwa mayi anga, monong'ona, tikusenda mbatatesi. Anali wamkazi, anabadwira kunyumba ali wakufa kale. Masiku amenewo mwana wosabatizidwa sankalowa m'manda a tchalitchi. Ankati mzimu wake uli ku Limbo, kumene kulibe moto koma kulibenso nkhope ya Mulungu, ndipo thupi lake linkapita ku cillín, kamunda ka miyala yopanda mayina kamene kali kumtunda kwa gombe. Bambo wa mwana ankanyamula yekha kabokosi kusanache, popanda wansembe, popanda nyimbo. Mayi ankatsala pabedi. Mzamba anawauza a Attracta kuti, "Pukutani misozi, mudakali mtsikana, mudzapeza wina." Nkhope ya mwanayo sanaione. A Festy atabwerako anasamba m'manja n'kupita ku nkhosa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mkazi wabwino sankafunsa, ndiye a Attracta sanafunse kwa zaka zoposa makumi asanu.

Kenaka chinafika chaka cha riferendamu, choti tivote ngati lamulo loletsa kuchotsa mimba lichoke kapena likhale. Abale inu, ine ndinatopa nazo. Mtengo wamagetsi uliwonse unavala zikwangwani ziwiri, pamwamba INDE pansi AYI, mawa lake wina wakwera makwerero n'kuzitembenuza. Nkhope za makanda mbali iyi, nkhope za atsikana olira mbali iyo. Kusitolo sungagule mkaka osafunsidwa kuti uli mbali iti. Anthu amene ananyamulirana maliro moyo wawo wonse anasiya kupatsana moni. Wailesi ndinaizimitsa, ine wokonda wailesi.

Nthawi imeneyo n'kuti mutu wa a Festy utayamba kutayikira. Ankaika nsapato mufiriji, ankaitana galu amene anafa kalekale. Lamlungu lina ndikuwabweza ku Misa pagalimoto langa, a Festy akuwodzera kumbuyo, a Attracta anayang'ana pawindo n'kulankhula ngati akunena za nyengo.

"Dzulo anandifunsa kuti ndine mkazi wa ndani."

"Pepani, amayi."

"Si zimenezo, Dympna. Kuiwala ine ndi pang'ono, ndilipo, ndiwakumbutsa. Koma ndi iwo okha amene amadziwa mwala umene uli pa mwana wanga. Akaiwala umenewo, ndiye kuti wandifera kachiwiri."

Aka kanali koyamba kuwamva akumutchula. Ndinatsala pang'ono kugunda mpanda wa aneba athu a Mannion.

Anayesa kuwafunsa kunyumba, akumwa tiyi, akuwameta ndevu. A Festy ankangoyang'ana pansi, kapena kuyamba nkhani ya mitengo ya nkhosa kumsika. Kaya kunali kuiwala kaya kukana, palibe ankadziwa.

M'sabata imeneyo kunabwera Bambo Lavelle, wansembe wathu. Ndisamunamizire, ndi munthu wabwino, wowonda, woyendetsa maparishi atatu yekha, maso ofiira ndi tulo. Ine ndinali m'khitchini momo, ndikudula buledi.

"Mayi Heneghan," anatero, "anthu amakulemekezani. Mutanena mawu awiri atatu ikatha Misa, angamve. Mungowauza kuti mwana ndi munthu kuyambira m'mimba, Mulungu amamudziwa asanabadwe."

"Zimenezo ndikuzidziwa, Bambo. Wanga ankandimenya mateche usiku wonse. Anali munthu."

"Eya, ndi zomwezo."

"Ndiye n'chifukwa chiyani ali kunja kwa mpanda wa manda a tchalitchi?"

Bambo Lavelle anaika kapu pansi. Anafotokoza modekha kuti zinthu zinasintha, Mpingo suphunzitsanso za Limbo, ana otere timawapereka m'chifundo cha Mulungu, ndipo masiku ano amaikidwa ndi mapemphero ngati wina aliyense.

"Zinasintha liti?"

"Papita zaka ndithu, amayi."

"Ha! Ndiye palibe anaganiza zobwera kudzandiuza? Inetu sindinasamuke. Ndinali kuseri kwa guwa komweko, ndikusita."

A Attracta sanakweze mawu. Wansembeyo anafiira mpaka m'makutu, ndipo ine ndinamumvera chisoni, chifukwa zimene ankayankhira zinachitika iye asanabadwe. Anapepesa, ndipo anapepesa ndi mtima wonse. A Attracta anamuwonjezera tiyi n'kumuuza kuti kolala yake ikufunika kuchapa. Zolankhula m'tchalitchi sanavomere.

Wansembe atangochoka m'masiku amenewo, kunatulukira Clodagh, mdzukulu wawo wa ku Dublin, atavala juzi lakuda la anthu a INDE. Mtsikana wanzeru, wachikondi, koma pakamwa ngati wailesi imene ndinazimitsa ija. Nkhani ya mwana uja anali ataimva kwa mayi ake, ndipo inamuwawa zenizeni, analira.

"Agogo, mukuona zimene anakuchitani? Anakulandani mwana, osakufunsani n'komwe. Ndi zomwezo tikumenyera ife, kuti mkazi azifunsidwa. Ndikujambuleni pafoni, mungonena mmene zinalili. Anthu ambirimbiri aona."

"Aone chiyani? Makwinyawa?"

"Agogo, ndikunena zoona."

"Inenso. Kugona pabedi anthu n'kumakugamulira za thupi lako ali pakhomo, ndikuzidziwa kuposa iwe, mwana wanga. Koma uja sanali nkhani yoti uike pafoni. Anali mwana."

"Ndiye muvota chiyani?"

"Chotsa zigongono patebulo."

Clodagh atatuluka kukalira panja, a Attracta anakhala pampando n'kutseka maso. Anaoneka okalamba kuposa tsiku lina lililonse. "Aliyense akumufuna mwana wanga tsopano, Dympna," anatero. "Uyu akumufuna, uyo akumufuna. Pamene ankafunika malo ogona, panalibe ndi mmodzi yemwe."

Tsiku lovota ndinapita kukawatenga kuti tipite kusukulu kumene kunali mabokosi. Ine ndinali nditavota kale m'mawa, ndipo musandifunse, ndatopa kufunsidwa. Ndinawapeza atavala chikhoti cha ku Misa, a Festy atawapesa bwinobwino. Titafika pamphambano, ndinayatsa chizindikiro chokhotera kusukulu.

"Kumanzere," anatero a Attracta.

"Kusukulu ndi kumanja, amayi."

"Ndinaphunzira komweko, ndikudziwa. Kumanzere. Lero adzuka bwino, anandiitana dzina. Mawa sindikudziwa."

Msewu wa ku cillín ndi woipa, ndipo kunkawaza kamvula kathu kosatha kaja. Galimoto tinalisiya pachipata n'kuyenda pang'onopang'ono, ine pakati, nkhalamba ziwiri zitandikolowola m'mikono. Kamundako n'kakang'ono, kodzaza miyala yosongoka yotuluka mu udzu, yambiri moti sungaponde osapepesa. A Attracta anali asanalowemo chibadwire. Ankangodutsa kumsewu n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda. Anaima pakati n'kuyang'ana uku ndi uku.

"A Festy, ndi uti?"

A Festy anayang'ana nyanja.

"A Festy, chonde. Sindinakufunseni kanthu moyo wanga wonse. Mwana wathu uja munamuika pati?"

Anayenda pang'ono, n'kuima, n'kubwerera. Anagwira mwala wina ndi ndodo, n'kuusiya. Ndinaona kuti tachedwa, ndipo ndinakwiya, kukwiyira wansembe wakale amene ali m'manda, mzamba, mayi anga ndi kunong'ona kwawo, tonsefe amene tinkadziwa n'kukhala chete. Kuwala kumene kunali m'maso mwa a Festy m'mawa kunali kutazima. Anatembenuka n'kuwayang'ana akazi awo mwaulemu, ngati mlendo wokumana naye pamsika, n'kugwira chipewa.

"Mayi, mukufuna ndani kuno?"

A Attracta anayankha, "Ndikufuna mwana wa a Festy Heneghan."

"Aa, ameneyo kuno kulibe."

"Kulibe bwanji?"

A Festy anasuzumira kumsewu, kenaka anawayandikira n'kutsitsa mawu.

"Ndinafika naye pachipata paja. Ndinaima. Kunali mphepo, mayi, ndipo kuno kumabwera agalu. Ndinalephera. Ndinabwerera naye, n'kukwera mpanda wa tchalitchi, n'kukumba pamanda a bambo anga, chakumutu. Ali ndi agogo ake."

Manda a bambo awo a Festy ali pafupi ndi khomo la tchalitchi penipeni, ndipo amene ankawapalira ndi kubzalapo maluwa chaka ndi chaka, atagwada pakachiguduli, anali a Attracta.

"M'dothi lodalitsidwa?" anafunsa a Attracta.

"Ndi tchimo, ndikudziwa. Ndinaba malo a Mulungu. Sindinalapepo, chifukwa ndikanalapa akanandiuza kuti ndikamufukule. Ndidzayankha ndekha kumeneko." Anawagwira dzanja. "Koma musamuuze Attracta, mwamva? Amaopa Mulungu mtsikana uja. Akadziwa, sagona, akaulula kwa wansembe. Tchimoli likhale langa, iye akhale woyera."

Ndinkayembekeza kuti alira, kapena awakalipira, chifukwa ine ndikanawakalipira. Zaka zonsezo munthu kugwada pamutu pa mwana wake, n'kumazula udzu osadziwa! Koma a Attracta anangoima, mvula ikutsika pa magalasi awo.

"Sindimuuza," anatero.

"Mulungu akudalitseni."

Tinabwerera kugalimoto. Sanandiuze kokhota, ndipo sindinafunse. Tinadutsa sukulu, anthu ali pamzere ndi maambulera, ena atavala mabaji, Clodagh ali pachipata akutikweza dzanja kuti tiime. Sindinaime. Kutchalitchi kunalibe munthu. A Festy anakana kutsika, akuti akudikira akazi awo, ndiye ndinasiya chitseko chotsegula kuti azitiona.

A Attracta anafika pamandapo n'kufuna kugwada, koma mawondo anakana. Ndinawagwira m'khwapa mpaka anafika pansi, pamatope pomwepo, ndi chikhoti chawo cha ku Misa. Anaika chikhato chakumutu kwa manda, pamene anabzala maluwa achikasu chaka chatha. Sanapemphere. Ine ndinawadziwa moyo wanga wonse, ndipo aka kanali koyamba kuwaona atagwada osapemphera. Patapita nthawi anadzutsa mutu n'kuitana chakugalimoto, mwaulemu, ndi mawu a mlendo uja.

"Bambo Heneghan!"

"Ee, mayi?"

"Munamufunditsa chiyani?"

A Festy anaganiza kaye, n'kuyankha mokweza kuti timve.

"Jekete langa laukwati. Linali laubweya, lofunda. Attracta ndinamuuza kuti ndinalitaya kumsika, anandikalipira mwezi wathunthu."

A Attracta anagwedeza mutu pang'onopang'ono, dzanja lili pansi pomwepo.

"Linali jekete labwino," anatero. "Dympna, usandidzutse msanga."