Nkhope ya Agogo pa Mkuwa

Fungo la inki ndi palafini likandipeza, ngakhale lero, ndimabwerera m'chipinda chapansi cha nyumba imene tinkachita lendi ku Hamilton. Munali chinyezi, mapaipi ankalira, ndipo pakazenera kam'mwamba tinkangoona nsapato za anthu zikuponda chipale chofewa chodetsedwa ndi utsi wa mafakitale a zitsulo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ku Canada ndinali nditakhalako miyezi inayi yokha.

Bambo anachoka ku Dedza ndili ndi zaka ziwiri, amayi n'kuwatsatira, ine n'kutsala ndi agogo, mayi awo a bambo. Ndiwo anandilera mpaka mapepala anga atatuluka. Chisanu chitangoyamba, foni inabwera yoti agogo atisiya. Bambo sanathe kupita. Kwathu maliro asanaikidwe abale amadutsa pabokosi kuona nkhope, koma mwana wamwamuna yekhayo wa mayiyo sanaione. Chithunzi panalibenso, chifukwa agogo ankathawa kamera ngati jekeseni.

Bambo ankakolopa m'chipatala, koma kumudzi anali mphunzitsi wa zojambulajambula. Anagula mkuwa wophwatalala, waukulu ngati kope la kusukulu, anaupaka phula, n'kuyamba kukanda nkhope ya mayi awo ndi singano. Akatha ankauviika mu asidi kuti adye mizere ija. Kenako ankaupaka inki n'kuupanikiza papepala lonyowa ndi makina akale ofinyira zovala. Popeza wotsiriza kukhala ndi agogo ndinali ine, Loweruka lililonse m'mawa ankandiitana.

"Tadala, tabwera udzaone. Ndi iwowa?"

Papepala loyamba sanali iwo, ndipo ndinanena zoona. Palachiwiri chimodzimodzi. Koma ulendo wachitatu atasenda pepala pamkuwa, ndinawazindikira nthawi yomweyo. Agogo anali pomwepo, ndi mphini zawo zitatu patsaya, diso lamanzere lotsinzina pang'ono, ndi milomo ija ankaifinya akafuna kundikalipira koma kuseka kukuwakanika kubisa. Ndinachita kumva fungo la fodya wawo wamphuno.

"Si iwo," ndinatero.

Ndinanama dala. Bambowa ndinali ndisanawazolowere. Mkati mwa sabata ankabwera atatopa, n'kumacheza m'Chingerezi ndi mng'ono wanga wobadwira konkuno, ine ndili duu pakona ngati mlendo, nsanje ikundidya. Koma Loweruka ankandikhazika pampando, kundithirira tiyi wamkaka, n'kumandifunsa m'Chichewa za mphuno ya agogo ndi mmene ankamangira duku. Ndinadziwa kuti ndikangovomera, zonsezi zithera pomwepo.

Bambo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Kenako analikwinya, kupukutira manja a inki, n'kuliponya m'bini.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pamene asidi wadya sipabwereranso. Sabata ndi sabata bambo ankawonjezera mizere, ine ndikungopukusa mutu n'kumamwa tiyi wanga. Nkhope inayamba kuda. Mphini zinamira, maso anasanduka maenje. Zala za bambo zinang'ambikang'ambika, chifuwa chinawagwira, amayi n'kumadandaula pamasitepe kuti mankhwala amenewa atipha tonse m'nyumba muno. Tsiku lina m'Malichi, chipale chikusungunuka n'kumadontha pakazenera, papepala panatuluka chimthunzi chakuda bii, chopanda maso, chopanda pakamwa. Mantha anandigwira, ndipo ndinayamba kulira.

"Adadi, pepala lachitatu lija! Anali iwo, ndinakunamizani!"

Ndinkayembekeza mbama. Sanandimenye, sanakalipenso. Anandisisita kumutu ndi dzanja lonunkha palafini.

"Usandinamize kuti ndisangalale, mwanangu. Mayi anga ndawaiwala basi."

Ndinalumbira, ndinabwereza, koma sanandikhulupirire. Anakulunga mkuwawo m'nyuzipepala, ndipo singano ija sanaigwirenso.

Nthawi imeneyo ndinkalirira tiyi ndi macheza a Loweruka, ndipo ndinkaganiza kuti chilango changa chinali chomwecho. Lero ndili ndi zaka zimene bambo anali nazo m'chisanu chija, ndipo nkhope ya agogo nanenso yandithawa. Pano m'pamene ndimamvetsa kuti bambo anawakumbukira mayi awo bwinobwino, mzere uliwonse, patapita zaka zisanu ndi ziwiri asanawaone. Anamwalira akukhulupirira kuti anawaiwala, chifukwa ndinawauza choncho ndine.