Magazi amene ndinakwera nawo kuphiri

Inu owerenga, ndinamana mnansi wanga magazi, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhazikike.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ina ya boma ku Zomba kuno, yoona za chisamaliro cha anthu. Ntchitoyi ndinailowa ndi mtima wonse. Ndili mtsikana ndinkalota ndikuyenda m'midzi, amayi akundithamangira, ana amasiye akunditchula dzina. Koma popita zaka ndinayamba kuganiza kuti chifundo nachonso chimaweruka ndikatseka ofesi.

Tsiku lina Loweruka m'mawa, ndikunyamuka kwathu ku Mbedza kukakwera phiri ndi anzanga a kuntchito, anafika a Likaka, kalipentala woyandikana nane nyumba. Akazi awo anali atataya magazi ambiri pobereka, ndipo kuchipatala magazi a mtundu wawo anali atatha. Ankadziwa kuti ine ndi mayiwo tili ndi mtundu umodzi, popeza tinayezetsa limodzi kutchalitchi.

"Achemwali, tithandizeni," anatero, chipewa chili m'manja.

Ndinawauza kuti ndibwera masana. Mumtima ndinkati, sabata yonse ndatumikira anthu, lero apereke ena.

Kuphiri kunali nkhungu. Tinkayenda pakati pa mitengo ya paini ngati tili m'tulo, mtsinje ukumveka penapake osaoneka. Padamu la paphiripo, madzi ndi thambo zinali zitagwirana, osadziwika polekezera. Ndinakhala pamwala ndikudya masitiroberi, n'kumadziona ndakwezedwa paudindo, ndikulankhula pamsonkhano waukulu za kuthandiza ovutika, anthu akuwomba m'manja. Foni ndinali nditazimitsa. Masana anadutsa ine osadziwa.

Nditatsika, ndinapeza pamsewu wa kwathu atayala nthambi zamasamba zosonyeza maliro a akazi a Likaka.

Pasiwa ndinamva kuti wakabaza wina ndi mayi wogulitsa tomato anasiya ntchito zawo n'kuthamangira kuchipatala, koma magazi awo sanagwirizane ndi a wodwalayo. Anthu amenewa sanalumbirepo kuti adzatumikira dziko. A Likaka anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndabwera.

Mwana amene anabadwayo anapulumuka, pano akuyenda. M'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito ndimamudutsa akusewera ndi tizidutswa ta matabwa, ndipo amandisekerera.

Inu owerenga, makamaka anzanga a m'boma, musanamizike kuti ntchito yanu ikuchita chifundo m'malo mwanu. Munthu akaima pakhomo panu kupempha chimene muli nacho, pitani nthawi yomweyo. Musamuuze kuti masana.